Galimoto Yoyamba pa Chitsulo

Belu la panjanji litayamba kulira, Pulofesa anatulutsa galimoto yake kuseri kwa malo omwetsera mafuta kumene inabisala, n'kuiyendetsa mwaulesi ngati munthu wongodutsa. Chitsulo chotseka msewu chinatsikira pamphuno penipeni pa galimotoyo. Anali woyamba pamzere, monga dzulo, monga dzana.

Kumbuyo kwake magalimoto ena anayamba kuunjikana. Dalaivala wa lole anatulutsa mutu n'kuyamba kutukwana sitima isanaoneke n'komwe. Pulofesa anazimitsa wailesi, n'kupukuta galasi lakutsogolo ndi mkono wa malaya, ngakhale kuti linali loyera kale.

Njanji zinayamba kunjenjemera. Unadutsa mutu wa sitima, kenako bogi yoyamba, yachiwiri, ndipo m'bogi yachitatu, pazenera lokhalo lotseguka, panali mkazi wake. Ankaseka. Sikunali kuseka kwaulemu kuja ankasekera nthabwala za alendo kunyumba. Kunali kuseka kotaya mutu chagada, dzanja lili pachifuwa, mano onse pamtunda. Pambali pake panakhala mwamuna wina wa chipewa chabulauni, atawerama, akumuuza kanthu kukhutu.

Sitima inapita. Chitsulo chinakwera. Lole inaimba hutala, ndipo Pulofesa, munthu amene anagula galimoto kuti azifika msanga kuntchito, anauyamba ulendo wokafika mochedwa.

Dzina la Pulofesali sanalitenge kuyunivesite. Kumeneko anangotengako pepala limene linamukhazika padesiki ya kampani ya inshulansi, kumawerengetsera ngozi za anthu ena. Dzinali analipeza m'bogi yachitatu. Anthu a m'bogi imeneyo ankakwera limodzi m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, mpaka anafika pozindikirana ndi kutsokomola komwe. Vuto lawo linali limodzi: mazenera onse anachita dzimbiri n'kukana kutseguka, kupatula limodzi lokha. Nyengo yotentha anthu ankatsala pang'ono kung'ambirana malaya chifukwa cha zenera limenelo, mpaka mayi wina wojintcha, womasulira zilankhulo kukhoti, amene onse ankamutchula kuti Atcheya, anakhazikitsa lamulo. Iye ankaika chikwama chake pampando wapazenera n'kufunsa funso lozunguza mutu. Woyankha molondola ndiye ankanyamula chikwamacho n'kukhalapo mpaka potsikira.

Kwa zaka zonsezo wonyamula chikwama pafupifupi tsiku lililonse anali Pulofesa.

Ankakumbukirabe tsiku limene dzinalo linamumatirira. "Amakaniko awiri atuluka pansi pa galimoto," anatero Atcheya tsiku limenelo. "Wina nkhope yake yada bii ndi oyilo, winayo ili yoyera. Galasi palibe, ndipo awiriwa sayankhulana. Ndani athamangire kokasamba?"

Bogi yonse inakuwa kuti wakudayo. Pulofesa anadikira kuti phokoso lithe, pakuti kudikirako ankakukonda kuposa zenera lenilenilo. Mkazi wake anali pambali pake, akuzunguza mphete yaukwati pachala monga ankachitira kawirikawiri Atcheya akafunsa.

"Woyerayo," anatero Pulofesa pomaliza. "Aona nkhope ya mnzakeyo yada, aganiza kuti yakenso ili choncho. Wakudayo aona mnzake ali woyera, mtima wake ukhala m'malo."

"Mwamva, anthu inu?" anatero Atcheya. "Tili ndi Pulofesa muno. Nyamulani chikwama, bambo."

Moyo unali wabwino choncho, mpaka mlamu wake anagula galimoto.

Mlamuyo anali mchimwene wa mkazi wake, wogulitsa matailosi ndi mipope ya m'bafa. Chigulireni galimoto, anayamba kubwera kudzacheza Lamlungu lililonse masana, ndipo asanapereke moni n'komwe ankayamba waponya makiyi patebulo, pafupi ndi mbale ya shuga, kuti aliyense wofuna kutsekemeretsa tiyi ayambe wawasuntha.

"Alamu," anatero tsiku lina, "sukulu yonse ija, mpaka lero sitima? Sitima imakuuzani nthawi yodzuka, imakuuzani pokhala, imakuuzani potsikira. Ine yanga ija ndimaiuza ndine."

"Galimoto ndi mkazi wachiwiri, alamu," anayankha Pulofesa. "Imadya, imadwala, imafuna nsapato zatsopano zinayi nthawi imodzi, koma simungacheze nayo."

"Woyambayo ali pompano, akumva," anatero mkazi wake akuthira tiyi.

"Komanso ine ngozi ndimaziona papepala tsiku ndi tsiku," anapitiriza Pulofesa. "Munthu amakhala wotetezeka m'sitima kuposa m'bafa la kunyumba kwake, makamaka ngati matailosi ake anagula kwa inu."

Anaseka onse, ndipo Pulofesa anaona kuti wapambana. Koma tiyi atatha, mlamu anatenga mlongo wakeyo kuti akamuzungulitse pang'ono. Atabwerako mkaziyo anangonena mawu ochepa, akuvula nsapato pakhomo: "Koma mipando yake ndi yofewa bwanji!"

Basi. Sanabwerezenso, mwina anaiwala tsiku lomwelo. Koma mawuwo anamanga msasa m'mutu mwa Pulofesa. Ankawamva posamba. Ankawamva pampando wake wapazenera, umene mwadzidzidzi anautulukira kuti ndi wolimba ngati benchi ya kuchipatala. Anayamba kuona kuti makiyi a mlamu amalira mokoma akagwa patebulo, pamene tikiti ya sitima siilira ngakhale mutaiponya ndi mphamvu zanu zonse. Mvula isanagwe chaka chimenecho, pakhomo pake panaima galimoto yotuwa, yakale pang'ono, yofanana ndi theka la magalimoto a mumsewu. Mlamu ndiye anamulangiza zodetsa magalasi a m'mbali. "Kuti opempha lifiti asamakuoneni, alamu. Mukakhala mkatimo mumakhala ngati mulibe."

Tsiku lotsanzika m'bogi, Pulofesa analankhula ataimirira. Anati sitima ndi ya anthu oleza mtima, ndipo iye waleza mokwanira. Anati adzawakumbukira onse akamadzawadutsa. Atcheya anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Pitani bwino, a Pulofesa. Zenera lipeza wina."

Mkazi wake anapirira m'galimotomo sabata imodzi. Iye ankagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala choyang'anizana ndi siteshoni yomaliza, moti akatsika sitima ankangowoloka msewu. Pagalimoto ankafika odwala atafola kale mpaka panja. Koma chimene chinamutopetsa sichinali chimenecho.

"M'sitima munkandiuza nkhani," anatero Lachisanu madzulo, ali pakati pa mdipiti wa magalimoto osasuntha. "Muno mumangouza madalaivala anzanu za amayi awo."

"Mwamuona mmene wandiloweramo uyo?"

"Ndamuona. Ndamuonanso wadzulo, ndi wadzana. Lolemba ndibwerera kwa Atcheya."

"Galimotoyi ndinagulira inu, mayi."

"Munagulira achimwene. Ine mwangondikwezamo."

Pulofesa akanatha kubwerera naye. Koma munthu amene watsanzika ataimirira sabwerera Lolemba lotsatira. Choncho m'mawa uliwonse ankatuluka pageti limodzi, mkazi n'kukhotera kusiteshoni wapansi, mwamuna n'kukhotera kumsewu waukulu pamipando yofewa, yekhayekha.

Ulendo woyamba kukumana ndi sitima pamphambano ya msewu ndi njanji zinangochitika mwangozi. Belu linamupeza ali kutsogolo, anaima akudandaula, kenako anakweza maso n'kuona mkazi wake pazenera lake, munthu wachipewa ali pambali. Tsiku limenelo mkaziyo sankaseka. Anangoyang'ana kunja ngati wadabwa ndi china chake. Kuseka kunayamba masiku otsatira, ndipo kunkakula tsiku ndi tsiku.

Pulofesa sanali munthu wongopsa mtima chisawawa. Nkhaniyo anaiyala m'mutu mwake monga ankayalira mafunso a Atcheya. Choyamba, pazenera pamakhala wopambana. Chachiwiri, pa zaka zonse zimene anakwera limodzi, mkazi wake sanayankhepo funso ngakhale limodzi. Chachitatu, m'bogimo mwabwera munthu watsopano amene amakhala pambali pake n'kumamunong'oneza zoseketsa. Yankho linali poyera: Wachipewa ndiye ankapambana, n'kumapereka zeneralo kwa mkazi wa mwini wake ngati mphatso.

Chimene chinamuwawa kwambiri sichinali kuseka kuja ayi. Chinali chakuti iyeyo, zaka zonse zija, maganizo opatsa mkazi wake zenera sanamufikepo ngakhale kamodzi. Munthu wachilendo anangobwera ndi chipewa chake n'kuchita m'sabata imodzi chinthu chaulere chimene iye sanachiganizepo, pamene iye anakagula galimoto yathunthu.

Kuyambira pamenepo anayamba kunyamuka m'mamawa n'kukaima kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pakati pa mulu wa matayala akutha ndi mpope wopopera mpweya. Sitima ija siinkasunga nthawi, choncho njira yokhayo yopezera malo abwino oonera inali kudikira belu. Zoti angaonedwe sizinamudetse nkhawa. Magalasi ake anali akuda, galimoto yake inali yofanana ndi zinzake zambirimbiri, ndipo ankadziwa bwino kuti anthu a m'sitima sayang'ana magalimoto. Iye mwini, zaka zonse ali pazenera, sanayang'anepo. Pamphambano pamenepo nthawi zambiri ankakhala ali mkati mofotokozera bogi yonse mmene wapezera yankho.

Kuntchito abwana ake anayamba kuyang'ana wotchi iye akamalowa. "Mukukwera sitima simunkachedwa," anatero tsiku lina. "Kapena tikusonkhereni tikiti?"

Loweruka lina m'mawa Pulofesa ankatsuka galimoto pabwalo, mkazi wake akuyanika zovala pachingwe. Anaona kuti mpata ndi umenewu, ndipo anafunsa maso ali pa tayala.

"Kubogi kuli bwanji masiku ano?"

"Kukutentha."

"Pazenera pakumakhala ndani?"

"Wopambana. Lamulo mwaliiwala kale?"

"Ayi, ndimangofunsa. Kwabwera anthu atsopano?"

"Mmodzi. Bambo wina wake wa chipewa. Amapanga mano oikirira."

Pulofesa anatsala pang'ono kunena kuti n'chifukwa chake mumamuonetsa anu onse m'mawa uliwonse. Anawameza mawuwo ali kale pamilomo.

"Ndi wanzeru?"

"Amayesetsa. Koma ndi woseketsa." Mkaziyo anakung'untha malaya n'kuwaponya pachingwe. "Nanga inu msewu ukukukomerani? Mukumafika msanga?"

"Msanga kwambiri."

"Ndasangalala," anatero mkaziyo, ndipo anatembenukira kuchingwe mofulumira, mapewa ake akugwedezeka pang'ono. Pulofesa anaganiza kuti wakumbukira nthabwala ina ya Wachipewa. Anakhula tayala lija mpaka siponji inang'ambika.

Lamlungu mlamu anabwera monga mwa masiku onse. Tsopano patebulo pankagwa makiyi a magalimoto awiri, ndipo shuga ankachita kumufunafuna. Mlongo wake atalowa kukhitchini, mlamu anatsitsa mawu.

"Alamu, ndikufunseni. Pakhomo pali galimoto, koma mlongo wanga akukanganirana mipando ndi anthu onyamula nkhuku. Anthu aziti chiyani? Aziti kapena galimotoyo ndi yobwereka, kapena m'sitimamo muli china chokoma."

"Amakonda mphepo ya pazenera," anatero Pulofesa.

"Galimoto ilibe mazenera?"

Pulofesa anakankha makiyi aja n'kukokera mbale ya shuga kwa iye.

Chimene chinadula chingwe chinachitika Lachitatu. Belu linalira, chitsulo chinatsika, bogi yachitatu inafika. Wachipewa anaimirira, anawerama pamwamba pa mkazi uja mpaka mutu wake unatulukira pazenera, ndipo anavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba monyadira, ngati munthu amene walandira chikho. Mkaziyo anaseka mpaka anabisa nkhope m'manja. Kumbuyo kwawo kunkaoneka mitu ya anthu ena, nawonso akuseka. Ndiye kuti bogi yonse ikudziwa, anaganiza Pulofesa. Bogi yake yomwe ija, anthu amene anawaphunzitsa kuganiza, akuombera m'manja munthu wopanga mano abodza.

M'mawa mwake anasiya mkazi wake kuti atsogole. Anatenga makiyi, anawayang'ana, n'kuwaponya patebulo pafupi ndi shuga. Analira mokoma monga kale, koma munalibe womva. Anatseka chitseko n'kuuyamba wapansi, ndipo anakwera bogi yachitatu sitima itayamba kale kugwedezeka.

Fungo linali lomwe lija: chitsulo chotentha, sopo wa anthu osamba mothamanga, ndi malalanje a winawake. Phokoso linazima kamodzi n'kamodzi.

"Taonani, anthuni, akufa auka!" anakuwa Atcheya. "A Pulofesa! Galimoto yadwala?"

"Ili bwinobwino."

"Mafuta atha?"

"Ndi yodzaza."

"Apolisi alanda?"

"Ili pakhomo, Atcheya."

"Ndiye mwadwala ndinu. Lowani, odwala timawalandira."

"Musawaseke," anatero bambo wina wogwira ntchito kubanki, amene ankasunga ndalama za galimoto chiyambire kalekale osagula. "Ine ndikadzagula yanga simudzandionanso muno."

"Inu mudzagula tikadzayamba kukwera ndege," anayankha mayi wa malalanje. "Ine galimoto sindiifuna. Mwamuna wanga anali nayo. Inkagona m'nyumba ya makaniko masiku ambiri kuposa kwathu, mpaka ndinayamba kuichitira nsanje ngati mkazi mnzanga."

Mkazi wa Pulofesa anali atakhala moyang'anizana ndi mpando wapazenera, pamene panali chikwama cha Atcheya. Anamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kunsapato zafumbi mpaka kumaso. Wachipewa, amene anakhala pampando woyandikana ndi chikwamacho, anaimirira n'kutambasula dzanja. Pafupi anali munthu wamba ndithu, wamfupi kuposa mmene ankaonekera panjanji, koma mano ake anali oyera mokhumudwitsa.

"Ndinu a Pulofesa? Mbiri yanu ndaimva kwambiri. Khalani apa, bambo."

"Zikomo," anatero Pulofesa, osakhala. "Mpando wanga ndi umene pali chikwamawo."

"Eee!" inatero bogi yonse.

Anagwira chitsulo cha kudenga n'kuima chilili. Cholinga chake chinali chimodzi: amugonjetse munthu ameneyu pamaso pa onse, anyamule chikwama, kenako, bogi yonse ikuona, apereke zeneralo kwa mkazi wake ndi dzanja lake. Anali atakonzeratu ngakhale mawu oti adzanene.

Atcheya anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango, mosafulumira, ngati woweruza amene chigamulo ali nacho kale m'thumba.

"Funso la lero ndinali nalo lina," anatero. "Koma poti kwabwera katswiri, nditulutse limene lakhala likutisowetsa mtendere muno. Tcherani khutu. Sitima yathu ino nthawi siidziwa. Lero ifulumira, mawa ichedwa, mkuja iima pathengo kudikira zimene ikudziwa yokha. Magalimoto mumsewu nawo ndi osawerengeka. Koma pamphambano paja pali galimoto ina yotuwa imene tsiku lililonse imakhala yoyamba pachitsulo. Osati yachiwiri. Osati yachitatu. Yoyamba, tsiku ndi tsiku. Inu a Pulofesa, ntchito yanu ndi yowerengetsera zinthu zongochitika mwangozi. Tatiuzani, zimatheka bwanji?"



Pulofesa anamva thukuta likutsika kumsana. Magalasi akuda aja anali a m'mbali. Galimoto yoima pachitsulo siionetsa sitima mbali yake. Imaionetsa galasi lakutsogolo, loyera mbee, limene iye mwini ankalipukuta ndi mkono wa malaya m'mawa uliwonse kuti aone bwino.

"Mwina ndi mwayi chabe," anatero wa kubanki, nkhope ili yoongoka ngati ya pamaliro.

"Mwina dalaivala wake ndi chibwenzi cha woliza belu," anatero mayi wa malalanje.

"Ine musandiyang'ane," anatero Wachipewa. "Chikwerereni sitima ino sindinayankhepo funso ngakhale limodzi. Mutu wanga ndi wa chipewa basi. Ntchito yanga muno ndi imodzi: tikamayandikira pamphambano ndimasuzumira, n'kuwauza mayiwa kuti, uyo, wafika kale. Dzulo ndinachita kupereka moni, koma sanandiyankhe."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Pulofesa anayalanso mfundo zake zitatu zija, ndipo anaona pamene panali mng'alu. Pazenera pamakhala wopambana. Wachipewa sapambana. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mkazi wake.

Mkaziyo maso anali pansi. Ankazunguza mphete pachala.

Kanali kazunguzidwe komwe kaja ka tsiku la amakaniko awiri, komwe kaja ka mazana a m'mawa ena amene iye ankadikira phokoso kuti lithe, mutu uli m'mwamba. Nthawi zonse ankaganiza kuti mkazi wake amatero chifukwa funso lamukulira. Tsopano anaona kuti ndi mmene munthu amachitira akatsekera mawu m'kamwa kuti asatuluke. Ndipo lero mkaziyo ankachitanso zomwezo: ankamusiyira. Zenera linali pamtunda wa chiganizo chimodzi chokha, ndipo panalibe munthu padziko lonse wodziwa yankho lake kuposa Pulofesa. Akanatha kulinena moseka, bogi n'kuseka naye, iye n'kunyamula chikwama monga kale, n'kupereka kwa mkazi wake mphatso ya chinthu chimene chinali kale chake.

Sitima inayamba kukhota. Patali belu linayamba kumveka.

"Mayi," anatero Pulofesa, "mudula chala ndi mpheteyo. Yankhani."

Mkaziyo anakweza maso. Dzanja lake linaima. Kwa kanthawi anamuyang'ana ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa m'chinenero chimene sankadziwa kuti mwamuna wake amachilankhula. Kenako anatembenukira kwa Atcheya.

"Galimotoyo siikhala pa ulendo," anatero. "Imabwera kale, n'kubisala kuseri kwa malo omwetsera mafuta, pafupi ndi matayala akutha. Tikamakhota pano mphuno yake imaonekera. Imadikira belu, ndiye n'kutuluka."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Atcheya, atatsamira kutsogolo.

"Funso lanu linali lakuti zimatheka bwanji, Atcheya. Lakuti chifukwa chiyani ndi la kunyumba."

"Iii, koma mayi awa!" anatero mayi wa malalanje, akuomba m'manja kamodzi.

Atcheya anabweza magalasi pamphuno. "Khoti lavomereza. Nyamulani chikwama."

Mkaziyo ananyamula chikwamacho mozolowera, n'kuchipereka kwa mwini wake osayang'ana n'komwe, n'kukhala pazenera. Wachipewa anasuntha mwakachetechete kukakhala kutsidya. Pulofesa anakhala pampando wotsalawo, woyandikana ndi wapazenera, umene mkazi wake anakhalapo zaka zonse zija. Anali asanaukhalepo. Anadabwa kuona kuti mphepo siifika pamenepo. Inkalowa pazenera, n'kumenya munthu mmodzi yekha, n'kuthera pomwepo.

"Amakaniko aja," ananong'ona. "Munkadziwa?"

"Atcheya asanamalize kufunsa."

"Mafunso onse?"

"Osati onse. Ena munkandiposa ndithu." Anaganiza pang'ono. "Ochepa."

"Nanga bwanji simunkayankha?"

"Tsiku lina munaluza kwa bambo wa kubanki uja, mukukumbuka? Munakhala chete mpaka madzulo, chakudya munangochitokosa. Ine kutentha ndimapirira. Chete wanu uja ayi."

Pulofesa anafuna kukana, koma tsikulo ankalikumbuka bwino, pamodzi ndi funso lake.

"Ndiye mmene munkaseka muja..."

"Tinkaseka munthu wina wake wogwira chiwongolero ndi manja awiri pagalimoto yoima, khosi litatalika ngati akusuzumira mumphika wa eni ake." Anamuyang'ana cham'mbali. "Tsiku loyamba sindinaseke. Ndinkaganiza kuti mwabwera kudzandibayibitsa. Ndinakweza dzanja, koma inu maso anali pa chipewa."

Belu linali pafupi tsopano. Mwachizolowezi mitu yonse ya m'bogi inatembenukira kumazenera, ndipo Wachipewa anayamba kudzuka, kenako anakumbukira n'kukhalanso. Pulofesa anasuzumira pamwamba pa phewa la mkazi wake. Kwa nthawi yoyamba anaona mmene mphambano ija imaonekera kuchokera m'sitima: malo omwetsera mafuta, mulu wa matayala, kampata kopanda kanthu pambali pake, ndi mzere wautali wa magalimoto ukunyezimira padzuwa. Pagalasi lililonse lakutsogolo pankaoneka nkhope, bwinobwino, ngati zithunzi zopachika pakhoma. Woyamba pachitsulo anali dalaivala wa lole uja, mutu uli kunja, pakamwa pali yasa.

Palibe anaseka. Sitima inadutsa, belu linatsalira m'mbuyo, anthu anabwerera kunkhani zawo ngati anthu amene afika pabwalo la mpira n'kupeza kuti masewero alephereka.

"Mwatiwonongera nthabwala," anatero mkaziyo.

"Achimwene anu akhoza kubwera kudzaimapo."

"Iwo aja sangadikire belu. Angaliuze kuti lilire." Anakonza kolala ya malaya a mwamuna wake, imene inapindika pothamangira sitima. "Mawa mukwera chiyani?"

"Zitengera funso."

"Ndiye mugone msanga, a Pulofesa. Mphete ija ndasiya kuzunguza."

Pulofesa anamva kansanje kakumuluma m'chifuwa, kofanana ndi kamene kanamuluma tsiku la mipando yofewa, koma tsopano kanali kolunjika kwa munthu wokhala naye phewa ndi phewa, amene tsitsi lake linkauluka ndi mphepo ya pazenera lake lakale. Anayamba kale kuganizira mafunso amene Atcheya angabweretse mawa, ndi mmene angayankhire msanga, osadikira kuti phokoso lithe.

Mkaziyo sanamupatse zenera. Anangotsamira m'mbuyo pang'ono, n'kupendeketsa mutu, ndipo kamphepo kochepa kanadutsa patsogolo pa nkhope yake n'kukamupeza mwamunayo pakhosi, pamene thukuta linali lisanaume.